Zotsekera ndi Maloko Otetezera Zokolola, Ziweto ndi Mankhwala a Ulimi

MAWU OYAMBA

Nthawi yambiri ya mlangizi imathera pa nkhani yochulukitsa zokolola: mbewu zamakono, kubzala ndi mvula yoyamba, feteleza, kupalira ndi kulimbana ndi tizirombo. Koma chimanga chikalowa m'nyumba, ng'ombe zikalowa m'khola, ndiponso botolo la mankhwala likatsala theka, mlonda wa zonsezi amakhala kachitsulo kakang'ono ka pachitseko. Kachitsuloko kakakhala kosayenera, thukuta la chaka chonse limatha usiku umodzi, ndipo nthawi zina banja limataya mwana amene wamwa mankhwala.

Kale chimanga chinkasungidwa chosatonola m'nkhokwe ya panja. Masiku ano mabanja ambiri ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique amatonola chimanga, n'kuchithira mankhwala, n'kuchisunga m'matumba m'nyumba. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi nankafumbwe wamkulu, amene adafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kupezeka ku Malawi ndi ku Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amawononga kwambiri chimanga chosatonola. China ndi kuba, kumene kumakula m'nyengo za njala monga ya 2001 mpaka 2002. Motero chakudya, mbewu yobzala, mankhwala ndi ana tsopano zimagona pansi pa denga limodzi. N'chifukwa chake nkhani ya zotsekera iyenera kukhala gawo la uphungu wa kasungidwe ka zokolola.

ZOLINGA ZA PHUNZIRO

Pomaliza phunziroli mlangizi athe:

1. kusiyanitsa chotsekera wamba ndi loko;
2. kufotokoza m'mene mitundu ya maloko imagwirira ntchito;
3. kuona pamene pali pofooka pa chitseko kapena chipata;
4. kulangiza mlimi kapena kalabu chotsekera choyenera malo aliwonse;
5. kuthandiza gulu kukhazikitsa malamulo a kasungidwe ka makiyi.

1. CHOTSEKERA NDI LOKO N'ZOSIYANA

Chotsekera wamba chimagwira chitseko kuti chisatseguke ndi mphepo kapena chiweto, koma munthu aliyense wokhala ndi dzanja akhoza kuchitsegula. Loko amakaniza munthu amene alibe kiyi. Alimi ambiri amasokoneza ziwirizi, ndipo amaika chotsekera wamba pa kabati ya mankhwala kapena kugula loko wodula wa khola la nkhuku limene khoma lake ndi la mapesi.

Asanatchule chogula chilichonse, mlangizi afunse mlimi mafunso atatu. Loyamba: kodi choletsedwa kudutsa pakhomopo n'chiyani, mphepo, chiweto, mwana kapena wakuba? Lachiwiri: otsegula ndi anthu angati, ndipo amatsegula kangati patsiku? Lachitatu: kodi chotsekeracho chidzakhala pamvula ndi pafumbi, kapena m'kati mwa nyumba? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasankha chipangizo.

2. ZOTSEKERA ZOPANDA KIYI

Mpiringidzo wa mtengo. Uwu ndi mtengo wopingasa kuseri kwa chitseko, wolowa m'mabowo a m'khoma kapena m'zitsulo zopinda zokhomera pa felemu. Ndi wolimba kwambiri chifukwa mphamvu ya wokankha imagawika mbali zonse ziwiri za khomo. Sufuna ndalama. Vuto lake n'lakuti umatsekedwa ndi munthu amene ali m'kati, kotero umathandiza pa khomo lachiwiri la nyumba yosungiramo katundu, pamene khomo lalikulu lili ndi loko.

Kamtengo kozungulira. Aka ndi kathabwa kokhomedwa ndi msomali umodzi pakati, kamene kamatembenuzidwa kuti kagwire chitseko. Kamakwanira pa zikwere za akalulu, pa makola a nkhunda ndi pa mawindo a matabwa. Msomali ukakhwepa kamadzizungulira kokha, choncho ndi bwino kukamanga ndi bawuti.

Ngowe ndi mphete yake. Ngowe imagwira bwino chitseko chotsegula kuti mphepo isachimenyetse. Pa khola siyodalirika, pakuti mbuzi imaitukula ndi mlomo ndipo ng'ombe imaichotsa podzikanda.

Mpiringidzo wachitsulo wotsetsereka. M'masitolo umagulitsidwa ndi dzina la tower bolt kapena barrel bolt. Ulipo wina wokhala ndi bowo lokolowekamo loko, wotchedwa pad bolt, ndipo umenewu ndiwo woyenera zipata ndi zitseko za panja. Nsonga yake ilowe m'malo mwake mamilimita osachepera 20. Pa khomo la zitseko ziwiri, chitseko chimodzi chigwidwe ndi mipiringidzo iwiri, wina wolowa pansi m'simenti ndi wina wolowa m'mwamba mu felemu, kenaka chinzake chikiyidwire pa icho.

Chotsekera chodzigwera chokha. Chipata chikakankhidwa, kachitsulo kake kamakwera pa mphako n'kugweramo. Chimathandiza pa dimba ndi pa nazale ya mitengo pamene anthu amadutsa atanyamula zidebe ndipo amaiwala kutseka. Chimafuna chipata choongoka bwino, chifukwa chipata chikatsika pang'ono kachitsuloko kamaphonya mphako.

Tcheni ndi waya. Chipata cha waya waminga, chofala m'mafamu a ku Zimbabwe ndi ku Zambia, chimagwidwa ndi zingwe ziwiri za waya pa mzati, china pansi china pamwamba. Pofuna kuchikiya, tcheni chachifupi chizungulire mzati ndi mtengo wa chipata molimba, osasiya mpata wolowetsa chitsulo chokanulira.

Zogwirira zitseko za kabati. Izi ndi timaginito ndi timipira tachitsulo ta sipuling'i. Ntchito yake ndi kuletsa fumbi ndi mphemvu basi. Mwana wa zaka ziwiri amazitsegula mosavuta.

3. MALOKO NDI M'MENE AMAGWIRIRA NTCHITO

Loko si chinthu chachilendo mu Africa. Anthu a ku Egypt wakale ankasema maloko a mtengo, ndipo a mtundu wa Dogon ku Mali amadziwika ndi maloko osemedwa mwaluso oika pa zitseko za nkhokwe zawo za mapira. Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Mpiringidzo umakhala ndi timabowo, ndipo ukalowa m'malo mwake timisomali timagwera m'timabowomo n'kuugwira. Kiyi wa mano amatukula timisomalito, mpiringidzo n'kumasuka. Nzeru imeneyi ndiyo ili m'maloko ambiri ogulitsidwa lero.

Potsata za m'kati mwake, maloko ali m'magulu anayi.

Loko wa zotchinga. M'kati mwake muli tizitsulo tongotchinga njira ya kiyi. Kiyi wina aliyense woperesedwa mano amadutsa pakati pa zotchingazo n'kutsegula. Maloko ambiri otsika mtengo okhala ndi kiyi wa mano ofanana mbali zonse ziwiri ndi a mtundu umenewu. Asaikidwe pa chinthu chamtengo wapatali.

Loko wa timbale tachitsulo totchedwa lever. Kambale kalikonse kayenera kutukulidwa mpaka pa msinkhu wake weniweni, osapitirira ndiponso osaperewera, kuti lilime la loko liyende. Njira imeneyi adaikonza Robert Barron ku England mu 1778, ndipo Jeremiah Chubb adaiwonjezera luso mu 1818. Pa bokosi la loko pamalembedwa chiwerengero cha timbaleti: 2, 3 kapena 5. Loko wa timbale 2 ali ndi mitundu yochepa ya makiyi, kotero si zachilendo kupeza kiyi wa nyumba ina akutsegula nyumba ya mnansi. Ameneyu ndi wa zipinda za m'kati. Muyezo wa ku Britain wa BS 3621 umafuna timbale tosachepera 5 ndi lilime lotuluka mamilimita 20, ndipo loko wotere ndiye woyenera nyumba yosungiramo katundu wa gulu. Maloko a timbale amapirira fumbi kuposa a silinda.

Loko wa silinda. Uyu adatchuka ndi Linus Yale Jr. wa ku America, amene adalembetsa luso lake mu 1861 ndi mu 1865. M'kati mwa silinda muli timisomali tiwiritiwiri tosanjikizana, tokankhidwa ndi timasipuling'i. Kiyi woyenera amatukula timisomali tonse kuti polumikizana pake pafanane ndi m'mphepete mwa silinda, ndipo pamenepo silinda amazungulira. Timisomali tikachuluka, mitundu ya makiyi imachulukanso. Loko wabwino amakhala ndi mizere 5 kapena 6. Ubwino wake wina n'ngwakuti kiyi akatayika amangosintha silinda yekha, loko yense n'kutsala.

Loko wa manambala. Safuna kiyi, koma chinsinsi chikaululika sichibwezedwa. Wa magudumu 3 ali ndi manambala 1,000 okha. Munthu woyesa nambala imodzi pa masekondi awiri aliwonse amawamaliza onse pa mphindi 34 zosakwana. Wa magudumu 4 ali ndi manambala 10,000, amene amafuna maola opitirira 5.

Potsata m'mene amaikidwira, maloko alinso m'magulu anayi.

Loko wolowa m'chitseko amakhala m'mphako yosemedwa m'mbali mwa chitseko. Amafuna chitseko chochindikala mamilimita osachepera 40, pakuti mphakoyo imadya thabwa, ndipo chitseko chopyapyala chimang'ambikira pomwepo chikamenyedwa. Chitseko cha matabwa okhomera pa mitanda sichiyenera loko wotere.

Loko wokhomera kuseri kwa chitseko ndiye woyenera zitseko zopyapyala. Pano mlangizi asiyanitse malilime awiri. Lilime losongoka mbali imodzi limayenda ndi sipuling'i ndipo limadzikiya lokha chitseko chikatsekedwa, koma likhoza kubwezedwa ndi mpeni wolowetsa pampata, ndiponso limatsekera makiyi m'kati munthu akaiwala. Lilime la ngodya zinayi limayenda ndi kiyi yekha ndipo ndilo lodalirika.

Loko wokoloweka ndiye wofala kumudzi. Pogula, mlimi ayang'ane khosi lake, ndiye kuti chitsulo chopindika chija. Likhale lachitsulo cholimbitsidwa, chimene kawirikawiri chimalembedwa mawu akuti hardened, lochindikala mamilimita 8 pa khola ndi 10 kapena kuposerapo pa nyumba ya katundu. Likhale lalifupi, chifukwa khosi lalitali limapereka malo kwa sowo ndi chitsulo chokanulira. Likhalenso ndi mphako mbali zonse ziwiri, kusonyeza kuti limagwidwa pawiri. Thupi la brass, chitsulo chachikasu chija, silichita dzimbiri ndipo ndi labwino pamvula. Thupi la timalata tosanjikiza, limene Harry Soref woyambitsa kampani ya Master Lock adalembetsa mu 1924, limapirira nyundo koma limachita dzimbiri likapanda kutetezedwa. Maloko opepuka a chitsulo chosungunula amasweka ndi nyundo. Ena amakhala ndi chizindikiro cha muyezo wa ku Ulaya wa EN 12320, umene umaika maloko m'magiredi 1 mpaka 6, wa 6 kukhala wolimba koposa.

Loko wa kabati ndi kasilinda kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kozungulira kuseri kwake. Amakwanira kuletsa ana ndi anthu ongofuna kusuzumira, koma kachitsuloko kamapindika kakakanulidwa.

4. LOKO SALIMBA KUPOSA POMWE WAKHOMEDWA

Wakuba kawirikawiri salimbana ndi loko. Amafuna malo ofooka pambali pake. Poyendera nyumba yosungiramo katundu, mlangizi aone zinthu izi:

Chokolowekapo loko. Chitsulo chopindika ndi mphete yake, zimene m'masitolo amati hasp and staple, zikhomedwe mwa njira yakuti chikatsekedwa chiphimbe mitu ya masikuluwu onse. Chikakhomedwa chogadamitsa, aliyense wokhala ndi sikuludiraiva amachichotsa loko ali chikiyire. Misomali siyenera konse. Choyenera ndi mabawuti a mutu wobulungira oboola chitseko, manati ake ali m'kati, atakhala pa mawashala aakulu kapena pa kachidutswa ka chitsulo.

Mahinjesi. Chitseko chotsegukira kunja chimasiya mahinjesi poyera. Nsonga za timitanda take ziphwanyidwe ndi nyundo kapena ziwotchereredwe kuti tisasololedwe. Pa chipata chokoloweka pa zikhomo ziwiri, chikhomo cha pamwamba chiloze pansi pamene cha pansi chaloza m'mwamba. Zonse zikaloza m'mwamba, chipata chimangonyamulidwa n'kuikidwa pambali.

Felemu. Igwidwe m'khoma ndi zitsulo zosachepera zitatu mbali iliyonse. Mlangizi aibaye ndi msomali chakumunsi kuti aone ngati chiswe chadya m'kati.

Njira zina zolowera. Windo lopanda zitsulo, mpata wa pakati pa khoma ndi denga, ndi malata okhomedwa mofooka zimachititsa loko wa pakhomo kukhala wopanda ntchito.

Mpata wa makoswe. Mbewa imadutsa pa mpata wa mamilimita 6, ndipo khoswe wamng'ono amadutsa pa mamilimita 12. Chotsekera chabwino chimakokera chitseko pa felemu osasiya mpata. Kumunsi kwa chitseko cha matabwa kukhomedwe lata lotalika masentimita 30 kuti makoswe asachiteketeke.

5. CHOTSEKERA CHOYENERA MALO ALIWONSE

Chipinda cha zokolola

Matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma khoswe akawaboola ntchito yawo yatha. Choncho chipinda chake chifuna chitseko chothina ndi loko wokoloweka pa chitsulo chomangidwa ndi mabawuti. Nkhokwe zachitsulo, zimene bungwe la CIMMYT lidayamba kulimbikitsa ku Kenya ndi ku Malawi mu 2008, kenaka ku Zambia ndi ku Zimbabwe mu 2012, zili ndi makomo awiri: lothirira pamwamba ndi lotulutsira pansi. Onse awiri akhoza kukiyidwa, ndipo mmisiri auzidwe zimenezi asanayambe kupanga. Mlimi adziwe kuti loko satseka mpweya. Chotseka mpweya ndi lamba wa mphira womangidwa pa chivindikiro, ndipo abwezeretsedwe nthawi iliyonse chimanga chikatapidwa.

Nyumba yofukizamo mankhwala

Mapiritsi a aluminium phosphide amatulutsa mpweya wa phosphine umene umapha anthu. Ntchito yofukiza ndi ya anthu ophunzitsidwa okha, ndipo isachitike m'nyumba yogonamo anthu kapena yogundana nayo. Asanakiye, wofukiza aone ndi maso ake kuti m'kati mulibe munthu kapena chiweto. Pachitseko pakhale chenjezo lolembedwa m'chinenero cha anthu a m'deralo pamodzi ndi chithunzi cha chigaza. Kiyi akhale ndi wofukizayo mpaka masiku olembedwa pa chizindikiro cha mankhwalawo atakwana ndipo nyumbayo yapitidwa mphepo.

Makola

Chiweto chilichonse chili ndi njira yake yotulukira. Ng'ombe imakankha ndi kudzikanda, choncho mitengo yopingasa pakhomo la khola iboolelwe kunsonga ndi kubayidwa chikhomo chachitsulo, kapena imangidwe pamodzi ndi tcheni chokiya. Nkhumba imatukula ndi mphuno, kotero mpiringidzo wachitsulo ukhale kumunsi kwa chitseko, mbali ya kunja. Mbuzi imaseweretsa chilichonse ndi milomo, choncho chotsekera chikhale kunja pamene mlomo sufika. Khola la nkhuku lifuna chitseko chothina chotsekedwa madzulo aliwonse chifukwa cha vumbwe ndi likongwe.

Zotsekera zambiri za pazipata zimaleka kugwira chifukwa chakuti chipata chatsika. Mzati wonyamula chipata ukumbiridwe masentimita 60 mpaka 90. Thabwa lopingasa chamtanda lichokere ku ngodya ya pansi ya mbali ya mahinjesi kukwera ku ngodya ya pamwamba ya mbali yotsekera. Likaikidwa motembenuza silinyamula kanthu.

Khola lokiya likhale ndi kiyi wopezeka msanga usiku. Moto wolusa ukafika, mphindi zofunafuna kiyi zikhoza kupsereza ziweto zonse.

Kabati ya mankhwala

Malamulo a dziko lonse a kasamalidwe ka mankhwala ophera tizirombo adavomerezedwa ndi bungwe la FAO mu 1985 ndipo adakonzedwanso mu 2013. Ku Malawi nkhaniyi ili m'manja mwa Pesticides Control Board motsata lamulo la 2000, ndipo ku Zambia ili m'manja mwa ZEMA motsata lamulo la 2011. Pakhomo la mlimi uphungu wake ndi uwu:

1. Mankhwala a mbewu, a m'nkhokwe ndi osambitsira ziweto akhale m'bokosi lachitsulo kapena m'kabati yokiya, osati yongotseka.
2. Bokosilo likhale kunja kwa chipinda chogona ndi khitchini, kutali ndi ufa, pamalo okwera mita imodzi ndi theka, ndipo likhomeredwe kukhoma.
3. Mankhwala akhale m'mabotolo awo enieni. Botolo la chakumwa limaitana mwana.
4. A ufa akhale pamwamba, amadzi pansi, kuti odontha asanyowetse anzawo.
5. Mbewu yobzala yopakidwa mankhwala ikiyidwenso, pakuti m'nyengo ya njala ena amaitsuka n'kuidya.
6. Kiyi asasiyidwe pa loko kapena pa msomali wa pambali pake.

Mabanja ena amasandutsa firiji yakufa kukhala kabati. Firiji salowa mpweya, ndipo mwana wobisalamo posewera amabanika ngati chotsekera chake chili kunja. Ngozi zotere ndizo zidachititsa dziko la United States kukhazikitsa lamulo mu 1956 lakuti firiji izitha kutsegulidwa ndi munthu amene ali m'kati. Firiji yakale ikaikidwa chokolowekapo loko izikhala yokiya nthawi zonse, ndipo ikatayidwa ichotsedwe chitseko.

Mlangizi adziwenso malire a loko. Bungwe la WHO limayerekeza kuti pa anthu asanu alionse odzipha pa dziko lapansi, mmodzi amamwa mankhwala ophera tizirombo. Kafukufuku wamkulu wa m'midzi 180 ku Sri Lanka, amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2017, adagawira mabanja zosungiramo mankhwala zokiya, koma chiwerengero cha omwa mankhwala mwadala sichidatsike. Chimene chidachepetsa imfa zotere m'dzikolo ndi kuletsa mankhwala oopsa kwambiri, kumene boma lidachita mwamphamvu m'zaka za m'ma 1990. Phunziro lake n'lakuti loko amateteza mwana ndi munthu wolakwitsa, koma sateteza wamkulu amene ali ndi kiyi ndipo ali m'masautso. Motero uphungu wa kabati uyendere limodzi ndi uphungu wogula mankhwala okwanira nyengo imodzi yokha ndi kusankha osaopsa kwambiri. Pakhomo pamene pali munthu wovutika maganizo, mankhwala asungidwe kwina, ndipo munthuyo athandizidwe kuonana ndi azaumoyo.

6. KASUNGIDWE KA MAKIYI

Katundu wa makalabu ambiri amasowa loko ali wosathyoka. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka: wotenga katundu akakhala mnzawo wa m'gulu kapena mbale, anthu amachita manyazi kumufunsa. Njira yabwino ndiyo kukonza malamulo amene sapatsa munthu mmodzi mpata wotsegula yekha. Malamulo otere amatetezanso msungichuma wokhulupirika ku miseche.

Chitsanzo chilipo kale m'midzi. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo ku Malawi amadziwika kuti banki m'khonde, amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu. Makiyi amakhala ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limasungidwa ndi wachinayi amene alibe kiyi. Nyumba yosungiramo mbewu kapena feteleza wa kalabu ikhoza kutsata njira yomweyi.

Pali kusiyana kofunika pa kaikidwe ka maloko awiri. Akaikidwa aliyense pa chokolowekapo chake, chitseko sichitseguka mpaka eni makiyi onse awiri atabwera. Akakolekedwa wina m'khosi la mnzake pa tcheni chimodzi, aliyense amatsegula payekha ndi kiyi wake. Njira yoyamba ndi ya nyumba ya katundu. Yachiwiri ndi ya chipata chogwiritsidwa ntchito ndi magulu awiri, monga cha sikimu ya mthirira kapena cha dibi la ng'ombe.

Malamulo ena oyenera kulembedwa m'buku la gulu ndi awa:

1. Maloko awiriwo akhale a mitundu yosiyana, ndipo ayesedwe pogula kuti kiyi wa wina satsegula mnzake.
2. Osunga makiyi asakhale a banja limodzi.
3. Kutsegula kulikonse kulembedwe: tsiku, otsegula, ndi katundu wolowa kapena wotuluka.
4. Makiyi apadera aikidwe mu envulopu yomata, yosainidwa ndi anthu awiri, n'kusungidwa kwa munthu amene gulu lagwirizana.
5. Kiyi akatayika, kapena wosunga akasiya udindo mokangana, loko asinthidwe tsiku lomwelo.
6. Pa kiyi pasalembedwe dzina la chipinda chimene amatsegula.

7. KUSAMALIRA ZOTSEKERA

Zotsekera ziyenderedwe kawiri pachaka: mvula isanayambe, cha mu Okutobala, ndiponso kukolola kusanayambe, cha mu Epulo. M'bowo la kiyi wa silinda musathiridwe oyilo wa galimoto kapena mafuta ophikira, chifukwa amagwira fumbi n'kumata timisomali. Choyenera ndi ufa wa graphite, umene ndi mtima wa pensulo: kiyi apakidwe pensulo n'kulowetsedwa kangapo. Oyilo ndi girisi ndi za mahinjesi, mipiringidzo ndi khosi la loko.

Loko wa panja aphimbidwe ndi kachidutswa ka chubu cha tayala kokhomedwa pamwamba pake, bowo la kiyi litaloza pansi. Feteleza amadya chitsulo, choncho maloko ndi mahinjesi a nyumba ya feteleza azipukutidwa kawirikawiri, ndipo matumba asagundane ndi chitseko. M'dzinja zitseko za matabwa zimafufuma. Kiyi akamalimba asakakamizidwe, pakuti amathyokera m'kati. Chitseko chipalidwe pamene chikugwira, kapena bowo lolowa lilime likulitsidwe pang'ono.

8. KAPHUNZITSIDWE KWA ALIMI

Phunziroli limamveka bwino likachitikira pakhomo la mlimi kusiyana ndi pansi pa mtengo wa msonkhano. Mlangizi akonzeretu matabwa awiri, lina lokhomedwa chokolowekapo loko ndi misomali, lina ndi mabawuti. Alimi ayese kukanula onse awiri ndi chitsulo, aone okha kusiyana kwake. Kenaka gulu liyendere chipinda cha zokolola, khola ndi posungira mankhwala, mwini wake atavomera, n'kutchula pamene wakuba, khoswe kapena mwana angalowere. Amayi akhalepo pa phunziroli, popeza m'mabanja ambiri ndiwo amatapa chimanga tsiku ndi tsiku ndiponso amakhala ndi ana pakhomo. Mmisiri wa matabwa ndi wowotcherera zitsulo wa m'deralo aitanidwenso, chifukwa ndiwo adzakhoma zipangizozo.

Pomaliza, mtengo wa loko ndi mabawuti uyerekezedwe ndi mtengo wa thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 m'mwezi wa Febuluwale, kapena wa mbuzi imodzi. Alimi awerengetsere okha.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Kodi chotsekera wamba chimasiyana bwanji ndi loko?
2. N'chifukwa chiyani loko wa timbale 2 sayenera nyumba ya katundu wa kalabu?
3. Ndi zinthu zitatu ziti zoyenera kuona pa khosi la loko wokoloweka?
4. Kodi chikhomo cha pamwamba cha chipata chiloze kuti, ndipo chifukwa chake n'chiyani?
5. Kodi kafukufuku wa ku Sri Lanka akuphunzitsa chiyani za malire a kabati yokiya?
6. Maloko awiri aikidwe motani kuti munthu mmodzi asatsegule yekha?

MAWU OTSIRIZA

Mlangizi akayendera mlimi nyengo yokolola, asathere pa kufunsa matumba amene apezeka. Apemphe kuona kumene matumbawo agona, agwedeze chitseko, ayang'ane mahinjesi, afunse kumene botolo la mankhwala lili ndi amene amasunga kiyi. Zolakwika zambiri zimene adzapeze zimakonzeka tsiku lomwelo ndi mabawuti anayi, kachidutswa ka lata ndi mgwirizano wa pabanja kapena wa pagulu.